Theka la Nkhope ya Yona

Blackson Mhone ankanena poyera, m'mabala ndi m'minibasi momwe, kuti pansi pano palibe nkhope, ya wamoyo kapena ya wakufa, imene dzanja lake lingaithawe. Akanamutsutsa ndani? Munthu anayamba ndi makala pa makatoni a sopo, n'kukafika ku Dar es Salaam, ku Lusaka, mpaka ku Joni, akugulitsa zithunzi zimene anthu amati "mayo, zoopsa!" koma maso osachotsapo. Zigaza zoseka. Afiti okwera lichero. Njoka za mitu ya anthu.

"Jambulani duwa, anthu angodutsa," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Jambulani mtembo, aima pamzere!"

Chithunzi chimene chinamutchukitsa chinali m'bala ina ku Chibavi, mu Mzuzu, pamwamba pa kauntala: wakabaza ali kwala pamsewu, lole ya matabwa itamuphwanya mbali ya kumanzere ya nkhope. Blackson anachijambula akadali mnyamata, pangozi pomwepo, khamu likusuzumira. Dzina la munthuyo sanafunse n'komwe.

Usiku wina wa mu Juni anachedwa m'balamo, akupakanso utoto wofiira pachithunzicho, poti unali utasuluka ndi utsi wa fodya. Potuluka anapeza akabaza onse ataweruka. Anakoleka chikwama chake n'kuuyamba wapansi, kulowera kwake ku Chiputula.

Chifunga cha Mzuzu chinali chitameza magetsi onse. Atafika pa kamlatho ka kudambo, achule analeka kulira. Onse, nthawi imodzi. Ndiye kumbuyo kwake kunamveka tcheni cha njinga. Tche... tche... tche...

Anaima. Nachonso chinaima.

"Monire, ada."

Anali bambo wokankha njinga, wovala jekete yachikale, chipewa atachipendeketsa mpaka kuphimba tsaya lakumanzere.

"Ndinu ojambula aja?"

"Ndine amene! Ngakhale ku Joni amandidziwa," anayankha Blackson, koma mawu anatuluka owonda ngati a mwana.

"Ndijambuleni. Mwana wanga Esme akukwatiwa Loweruka, komweko ku Chiputula. Akuchimuna akadzalowa m'nyumba adzayang'ana pakhoma, adzafunsa za dada wake. Chithunzi changa chimene chilipo si choonetsa alendo."

"Usiku uno, ada? Mubwere mawa kushopu."

"Masana sindipezeka."

Blackson anayatsa tochi ya foni, n'kuitsamiritsa pachitsulo cha mlatho. Anatulutsa pepala ndi makala. Kuzizira kunali kolasa m'mafupa. Mpweya wake unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Pakamwa pa mlendoyo... panalibe kanthu.

Anajambulabe. Diso lofatsa. Makwinya a munthu wokonda kuseka. Kampata pakati pa mano akutsogolo.

"Tembenukani pang'ono, ndione mbali inayo."

"Mbali inayo muli nayo kale," anatero mlendoyo mosakwiya. "Munaitenga kalekale. Lero lomwe mwaipakanso utoto."

Makala anagwa pansi!

Jekete ija... chipewa chija... anazijambulapo! Miyendo inati thawa.

"Sindikudandaula kuti anthu amandiyang'ana," anapitiriza mlendoyo. "Nanenso ndinkathamangira kukaona ngozi. Ndi mmene tilili. Koma Esme anzake a kusukulu anamutengera pawindo la bala ija, amvekere, 'Taona dada wako.' Nkhope yanga imene amaidziwa ndi yomweyo basi."

Apo mantha anachepa, manyazi n'kukula. Blackson anawerama, natola makala aja m'matope. Dzanja lake silinathawe. Anayang'anitsitsa mbali yamoyo ija, n'kuyamba kumanga inzake imene sanaionepo ili yathunthu: tsaya, diso, nsidze, khutu. Iye amene anadya moyo wake wonse pophwanya nkhope papepala, usiku umenewo anali kulumikiza.

Anatembenuza pepala. Mlendoyo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Eya. Ndine ameneyo. Yewo chomene, ada."

Tochi inathima. Pamene inayakanso, pamlatho panali Blackson yekha. M'matope munalibe mkukuluzi wa tayala, ngakhale phazi. Achule anayambanso kulira.

M'mawa sanavutike kupeza nyumbayo, poti amayi oyeserera nyimbo zaukwati ankamveka patali. Anapereka pepala lija kwa mayi wa mkwatibwi, Ama Marjorie, mayi wa ku Nkhata Bay wosadziwa kugwa mphwayi. Koma atangoliona anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Yona! Uyu ndi Yona wanga! Mwachitenga kuti, ada? Mwamuna wanga sanajambulitsepo. Ankati ndalama ya kusitudiyo ndi bwino isungidwire sukulu ya mwana. Lole inamugunda Esme ali kumsana, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo."

Esme anabwera akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana chithunzicho, kenako chala chake chinapita chokha pa kampata ka mano ake akutsogolo. Anaseka misozi ikutsika.

"Amama, kani dada anali wokongola chonchi?"

"Nanga ukuganiza ndinamutsatira ku Mzuzu kuno chifukwa cha njinga?" anayankha mayiyo, amayi onse n'kufa nacho chiseko. Kenako anatembenukira kwa Blackson. "Tikupatseni zingati, ada?"

"Ayi, ama. Wangongole ndine."

Masana omwewo anakatsitsa chithunzi cha m'bala chija, mwini bala akulalata kuti makasitomala amabwerera chithunzi chomwecho. Zigaza ndi afiti amajambulabe mpaka lero, ndipo anthu amaimabe pamzere. Koma mukamufunsa ntchito yake yopambana zonse, satchula za ku Joni. Amatchula ya pabalaza ina ku Chiputula. Kwa Yona anatenga theka la nkhope, ndipo theka lomwelo anabweza lonse, kuyambira pakhutu mpaka kuchibwano.