Maalimondi a Adona

Esime anakumana ndi Suwedi pamalo odikirira basi ku Fourways, ku Joni, Lachinayi lina mu 1992, tsiku limene antchito a m'nyumba za azungu ankapuma. Zala za mtsikanayo zinali ndi timabala ta mpeni.

"Chemwali, zala zokongola chonchi zalakwira ndani?" anafunsa mnyamatayo m'Chichewa cha kwawo ku Mangochi.

"Maalimondi, mtedza wa azungu. Ndimauviika m'madzi otentha, kuusenda, kenako kuudula mopyapyala. Adona anga safuna wogula wodulidwa kale."

"Nanga ife osamalira maluwa a eni, tidzaulawa liti?"

Pakamwa pa Suwedi panali uchi wokhawokha. "Duwa langa," ankatero Lachinayi lililonse, "ndikangopeza chipinda ku Ivory Park, ankhoswe akugogoda kwanu. Joni yonse ino ndaona iwe wekha."

Ndiye Esime, mwana woleredwa bwino amene sanatolepo ngakhale singano ya mwini, anayamba kubisa maalimondi m'thumba la epuloni. Ankawakazinga mpaka afiirire, n'kukampatsa wokondedwa wake m'kapepala.

"Esime, botolo la maalimondi ili likutha bwanji?" adona anafunsa tsiku lina.

"Mwina mbewa, madamu."

Mbewa yotsegula botolo? Adona anangomuyang'ana. Manyazi anamugwira Esime mpaka chakudya chinamukana, koma anadzilimbitsa mtima kuti mbiri ikaipa, banja lidzaikonza.

Pa chikondwerero cha Idi, Suwedi ananena kuti ali pantchito. Esime anakwerabe takisi kupita ku Ivory Park kukacheza ndi a kwawo, ndipo kumeneko anamva kuti chipinda chija chinapezeka kalekale. Anamulozera khomo lake.

Anatsegula ndi mayi wobereka khanda. Patebulo panali mpunga wotsekemera, pamwamba pake atawaza maalimondi. Esime anazindikira kadulidwe ka mpeni wake.

"Ndine Esime," anatero.

Mayiyo anagwada. "Alamu anga! Ine ndine Mwanahalima. Abambo a Sidi sasiya kukutchulani, akuti mlongo wanga wa ku Fourways, adona ake amamukonda mpaka kumupatsa mtedza. Ndinabwera ndili ndi pakati, chilichonse ndinkasanza. Mtedza wanuwu ndi umene unandisunga."

Suwedi anatulukira kuseri kwa katani, maso ali pansi.

"Mwafika, achemwali?"

Achemwali! Esime akanatani? Aulule pamaso pa mayi wogwadayo kuti iye ndi chibwenzi cha mwamuna wake, ndiponso kuti chomwe chinamusunga chinali chakuba? Anangolakalaka nthaka itang'ambika.

Mwanahalima anamasula chitenje n'kuika mwanayo m'manja mwa Esime.

"Sidi, awa ndi azakhali ako."

Esime anamulandira. Misozi inagwera pamutu pa khandalo, ndipo mayi wake anamwetulira poganiza kuti ndi yachimwemwe.

"Wakula bwino, alamu," anatero Esime.