Chala cha Nasiru

Zaka zisanu ndi chimodzi Nasiru anakhala akutsuka magalimoto ku Al Nahda, m'dziko la eni kutsidya la nyanja, manja atatuwa ndi sopo. Ku Mangochi mkazi wake Hadijah anali akadali m'nyumba yaudzu. Nasiru akamapukuta zizindikiro zonyezimira za magalimoto a eni, kaduka kankamudya.

Mnzake anamulozera kwa bambo Mwenda, mlonda wa ku Oud Metha, amene ankakonza zithumwa akaweruka. Nasiru anaulula zimene ankafuna: kugula magalimoto otchipa, kumatapo chizindikiro cha kampani ina yotchuka, n'kugulitsa ngati enieni popanda wozindikira.

"Zitheka," anatero bambo Mwenda. "Koma mukatenga chizindikiro cha eni, musiye chanu."

"Ine ndilibe chizindikiro, bambo."

"Muli nacho. Bweretsani chala."

Anamudinditsa chala chachikulu pa phula, n'kukulunga m'kansalu. "Khalas, zatheka. Galimoto ikamapita, nanunso muzipita pang'onopang'ono."

Nasiru anangoti ndi zolankhula za akulu.

Malonda anayenda, si pang'ono. Kampani ija itakasuma kukhoti, akatswiri ake anazungulira magalimotowo, kugwada, kusuzumira kunsi, koma chinyengo sanachione. Nasiru anasamukira ku Jumeirah Village Circle, dera la anthu a ndalama, mimba inatuluka, ngakhale kayendedwe kanasintha.

Yoyamba kumukana inali foni, imene inaleka kuzindikira chala chake. Kenako mlonda wa pageti pake anamufunsa kuti akufuna ndani. Ku mzikiti, anzake a kwawo anamupatsa moni wa mlendo. Mantha anamugwira ndithu, koma panali patatsala magalimoto asanu, ndipo anati agulitse okhawo basi.

Atagulitsa yomaliza, anaimbira Hadijah pa vidiyo kuti amuuze zobwerera kumudzi. Mayiyo anamuyang'anitsitsa, n'kukokera mpango kumaso.

"Pepani bambo, ndinu ndani? Foni ya amuna anga mwaitenga kuti?"

Nasiru anatchula mayina a ana, anatchula tsiku la ukwati wawo. Hadijah anayamba kulira.

"Mwawatani amuna anga?" Anadula foni.

Nasiru anathamangira ku Oud Metha, koma bambo Mwenda anati munthu ameneyu sanamuonepo. Ku bwalo la ndege makina anakana chala ndi nkhope yomwe. Ku Mangochi achibale anadikira miyezi, kenako anachita sadaka ya maliro ake, Hadijah n'kukhala wamasiye mwamuna wake ali moyo.

Mutu wa Nasiru unasokonekera. Masiku ano amazungulira pamalo oimika magalimoto, wopanda nsapato, akugogoda pamawindo. Sapempha kanthu. Amangofunsa kuti, "Mukundidziwa?"

Dyera ndi loipa, abale. Wolemera ndi dzina la eni amataya lake, ndipo chuma chonsecho sichingamugulire ngakhale munthu mmodzi womudziwa.