Mlatho wa Kapapaya

Mwana wina, dzina lake Melur, ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Kapapaya akule.

Melur ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Pansi panali kankhalango. Msewu waukulu unadula kankhalangoko pakati.

M'kankhalangomo munali apusi otuwa. Maso awo anali ngati avala magalasi. Pusi wina anali ndi mwana. Mwanayo anali wofiira ngati papaya wakupsa. Ameneyu ndiye Kapapaya.

Apusi ankagona mbali ino. Nkhuyu zinali mbali inayo. Nanga njala imadziwa msewu?

Tsiku lina mayi wa Kapapaya anatsikira pamsewu. Kapapaya anakakamira pamimba. Galimoto inabwera. Pipiii! Njinga yamoto inabwera. Pipiii! Mayiyo anathawa. Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Melur anaona zonse pazenera. Analira. Mpunga wake wa kokonati sanaudye.

"Ababa, Kapapaya afa," anatero.

"Iwe, pusi ndi m'bale wako?" anaseka bambo ake.

"Ndi mnzanga!"

Bambo akewo anali ozimitsa moto. Melur anaganiza. Anaganizanso.

"Ababa, mapaipi akale aja mumatani nawo?"

"Timataya, mwanawe. Ndi obooka."

"Musataye! Apusi sakufuna madzi. Akufuna poponda."

Bambo anasiya kuseka.

Anapita kwa mayi Zaiton, woyang'anira nkhalango. Mayi Zaiton anavomera. Ozimitsa moto analuka mapaipi aja. Anakwera makwerero aatali. Anamanga mbali ino. Anamanga mbali inayo. Mlatho unalendewera pamwamba pa msewu.

Melur anadikira pazenera. Gologolo anawoloka. Apusi ayi.

Melur anadikiranso. Gologolo anawolokanso, wamatama ameneyu! Apusi ayi.

"Basi, tavutikira gologolo," anatero bambo.

Melur sanachoke pazenera.

M'mawa wina Melur anakuwa. "Ababa! Bwerani msanga!"

Bambo anathamanga, sopo ali kumaso.

Mayi wa Kapapaya anagwira paipi ya mlatho, Kapapaya ali pamimba. Anainunkhiza. Anaponda. Anapondanso. Pansi magalimoto, pipiii! Iye sanatsike. Anayenda, anayenda, anawoloka!

Mayiyo anathyola nkhuyu. Kapapaya analawako.

Mtima wa Melur unadzaza chimwemwe. Anakumbatira bambo ake. Sopo anamupaka patsaya.

"Zikomo, Ababa. Zikomo kwambiri."

"Zikomo ndi iweyo, mwana wanga," anatero bambo. "Tsopano idya mpunga wako. Mnzako uja wadya kale."