Umboni Wachiwiri wa Amake Tionge

Mapemphero atatha, mayi Ellah anakoka mpando, n'kuvula nsapato yakumanzere, n'kuika phazi lawo lotupa patsogolo pa Tionge.

"Adokotala, taonani apa. Likundisowetsa mtendere."

Tionge analiyang'ana phazilo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sekondale asanamalize n'komwe, koma mumpingo wa Amalawi wa ku Gaithersburg, mu Maryland, kutsidya kwa nyanja, udokotala anali ataupeza kale, popanda ndi mayeso omwe. Anamupatsa ndi amayi ake, mayi Rosina, masabata atatu m'mbuyomo. Tsiku limenelo anaima kutsogolo, kalata ili m'mwamba, n'kuchitira umboni kuti mwana wawo wasankhidwa kukaphunzira udokotala ku yunivesite yotchuka ya kumpoto. Nthungululu zinamveka mpaka koimika magalimoto. Pofika madzulo, kanema wa umboniwo anali atafika kale ku Balaka, ngakhale kwa achibale amene sanamuonepo Tionge chibadwire.

Panali kalata yachiwiri yomwe sinatchulidwe. Inachokera ku koleji yaing'ono ya mu Maryland momwemo, yadzina loti ukalitchula munthu amafunsa kawiri. Kalatayo inali m'chikwama cha Tionge, yopindidwa panayi. Lachinayi likudzalo, pa 1 Meyi, linali tsiku lomaliza loti avomere kumodzi.

Iye sankamva kalikonse. Chimwemwe ayi, mantha ayi. Ankadzuka, kukwera basi, kulemba za m'kalasi, kubwerera kunyumba, mtima uli dzanzi ngati mkono womwe waugonera. Anthu akamuyamikira, ankamwetulira pakamwa pokha.

"Nanga amaliza liti, amake Tionge?" anafunsa mayi Ellah akuvala nsapato.

"Kuno ndi zaka zinayi basi," anayankha mayi Rosina monyadira. "Zikangotha zinayi, phazi limeneli lapeza mwini."

Apa m'pamene Tionge anazindikira kukula kwa nkhaniyo. Amayi ake ankawerengera zakumudzi, komwe ukasankhidwa kupita kusukulu ya udokotala ndiye kuti walowa m'nyumba, chatsala n'kulimbikira. Kuno zaka zinayi zoyamba n'zongokonzekera. Ukamaliza umakagogodanso pakhomo lina, ndipo ambiri amabwezedwa.

Pobwerera anali awiriwiri m'galimoto. Nthawi zonse amayi ake akamulankhula m'Chichewa, Tionge ankayankha m'Chingerezi. Lero anaona kuti m'Chingerezi mawu ake angodutsa pamwamba, choncho anatolatola Chichewa chake chotsimphina.

"Amama, kuja si sukulu ya udokotala."

"Ukuti chiyani?"

"Ndi yunivesite chabe. Ndikamaliza, ndidzalemba mayeso ena, ndidzapemphanso malo. Adzaona magiredi anga, ndi makalata a aphunzitsi ondidziwa, ndi nthawi yomwe ndakhala ndi odwala. Kuja kalasi ya kemisitiri ndi anthu mazana asanu. Ndani akandidziwe? Ku koleji yaing'ono ndi anthu makumi atatu, ndipo chipatala chili tsidya la msewu. Mtima wanga uli kumeneko."

Mayi Rosina anaimika galimoto pamaloboti, maso ali kutsogolo.

"Masabata atatu uli chete, ine ndikuvina pagulu?"

"Munali osangalala."

"Tamvera, mwana iwe. Ine ndinali mzamba zaka khumi ndi ziwiri. Ana obadwira m'manja mwangamu angadzaze sukulu yako yonse. Nditafika kuno anatenga pepala langa, kulitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti sukulu imeneyi ili kuti. Lero ndimasintha matewera a nkhalamba. Iwe ndikufuna pepala loti asadzakufunse funso limenelo."

Getsi lobiriwira linayaka. Tionge anadziwa kuti apa m'poyenera kulira, kapena kupepesa, koma m'maso mwake munali mouma. Anangowerenga magalimoto ofiira mpaka kunyumba.

Lolemba ndi Lachiwiri anangolankhulana za makiyi ndi zinyalala. Ku Balaka mauthenga sanasiye kubwera. Amalume a Tionge anafunsa ngati adzabwere ndi makina opimira shuga.

Lachitatu, poweruka kusukulu, Tionge anapita kunyumba yosamalira okalamba komwe amayi ake ankagwira ntchito. Ankadzipereka kumeneko kamodzi pa sabata, kukankha njinga za odwala ndi kuwawerengera nyuzipepala. Akutuluka m'chipinda china ndi kapu yamadzi, anaona amayi ake ataimitsa Dokotala Mwewa, bambo wa ku Lusaka amene ankabwera kudzaona odwala. Chaka chonse mayi Rosina ankangowapatsa moni n'kudutsa, poopa kuoneka ngati akudzikweza. Lero anali atawatsekera njira. Safunsa anadya phula.

"Pepani adokotala. Inuyo munayambira yunivesite iti?"

Dokotala Mwewa anaseka, n'kutchula dzina.

"Ili kuti imeneyo?" anafunsa mayi Rosina. Atangotero anagwira pakamwa, pokumbukira amene anawafunsapo funso lomwelo.

"Mwaona manje? Na imwe simuidziwa," anatero adokotala m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Ba Rosina, nisakunamizeni, yaikulu ija si yoipa. Ena amapitila kwamene kuja, amapasa bwino. Koma ine kalata yanga analemba ni mphunzitsi wamene anali kunidziwa na dzina, na pamene ninafeluka poyamba. Mwana wanu nimamuona na odwala. Mufunseni che kwamene angapume bwino. Njila ni itali maningi."

Anapitiriza ulendo wawo, mafayilo ali kukhwapa. Mayi Rosina anatsala ataima pakhonde, manja ali m'matumba a yunifolomu. Kenako belu la chipinda chachisanu linalira, iwo n'kuthamangira komweko.

Lachinayi m'mawa, asananyamuke, mayi Rosina anaika laputopu patebulo patsogolo pa Tionge.

"Ukakhale ndiwe kumeneko, osati ine. Yankha komwe akakudziwe dzina."

Tionge anavomera ku koleji yaing'ono. Pakompyuta panagwa timapepala tamitundumitundu tomuyamikira. Anadikira kuti mwina amva kupepuka, koma ayi ndithu. Anatseka laputopu n'kukakwera basi.

Lamulungu, nthawi ya maumboni itakwana, mayi Rosina anaimirira. Tionge anawakoka chitenje, koma iwo anachotsa dzanja lake mofatsa n'kupita kutsogolo. Anapatsa mayi wina foni yawo kuti ajambule.

"Abale, mwezi watha ndinaima pompano. Ndinakunamizani, osati mwadala, koma chifukwa sindinafunse. Mwana wanga sanasankhidwe udokotala. Ali ndi zaka zinayi zokonzekera, kenako adzapempha malo, ndipo akhoza kumukana. Akamutenga, pali zinayi zina. Ku yunivesite yaikulu ija sapita. Wasankha koleji yaing'ono yapafupi pompano, ndipo ine ndavomera. Musamutchulenso adokotala. Dzina lake ndi Tionge. Katundu ndinamusenzetsa ine, ndiye ndabwera kudzamutula pomwe ndinamusenzetsera."

Nthungululu sizinamveke. Wina anatsokomola. Kumbuyo kunamveka kunong'ona, mokweza ndithu monga amanong'onera anthu a kutchalitchi: "Ndiye kuti walephera?" Abusa anati ameni, mpingo n'kuyankha mozengereza.

Mayi Rosina anatenga foni ija, ndipo ali chiimire pamaso pa onse anatumiza kanemayo ku Balaka. Tionge anawayang'ana, ndipo pachifuwa pake panayamba kupweteka, monga umapwetekera mkono uja magazi akayamba kubwerera. Anawamvera chisoni amayi ake, anachita manyazi ndi masabata atatu aja, ndipo anawakonda kwambiri. Misozi inatsika yokha mpaka nyimbo yotsekera inatha.

Anthu akutuluka, mayi Ellah anabwera akutsimphina, nkhope ili yokhumudwa.

"Ndiye zaka zisanu ndi zitatu? Phazi langali lidikire zonsezo?"

Mayi Rosina anakoka mpando, n'kugwada pansi ndi zovala zawo za kutchalitchi.

"Vulani nsapatoyo ndilione ine. Mawa ndikuperekezani kuchipatala." Kenako anatembenuka. "Tionge, pukuta m'masomo ubwere kuno. Ika chala apa, udinikize, uchotse. Ukuona chiyani?"

Tionge anagwada pambali pa amayi ake n'kudinikiza.