Kang'oma ka Bibiana

Anakumana pasiteji ya Mbombwe, mvula itawapanikiza m'khonde la sitolo. Bonifasio, wakabaza amene ankaimbanso ng'oma za tchopa, zala zake sizinkadziwa kukhala chete. Ankangogogoda pachishalo cha njinga.

"Achimwene, mwatisokosatu," anatero Bibiana.

"Sindine, chemwali, ndi mtima. Azungu ali ndi mawu ambirimbiri onena za kugunda: lina la munthu wothamanga, lina la chilonda chikamawawa, lina la mtsempha wapamkono. Koma la mmene ukugundira wangawu chikuonereni, alibe!"

Bibiana anaseka. Kalanga ine, kuseka komweko ndiko kunamugwetsera m'mbuna!

Sabata isanathe, foni ya Bibiana inalira, anali Bonifasio: "Duwa langa, ndakupekera kang'oma kakokako. Ukamva ndamenya mofulumira kenako n'kupuma ngati ndaiwala, dziwa kuti ndikutchula dzina lako. Wina sadzakavina mpaka imfa."

Amalume ake anayesa kumuletsa. "Wang'oma alibe kwawo, mwana iwe."

"Ndamusankha ndekha, amalume. Ndikagwa ndidzadzuka ndekha."

Ngakhale ntchito ya m'sitolo imene anamupezera ku Limbe anaikana. Ku Limbeko akanakamva bwanji kang'oma kake?

Loweruka lina gulu la tchopa limene Bibiana ankavinamo likuyeserera gule wa paukwati ku Mauwa, kang'oma kaja kanalira. Mtima wa Bibiana unangoti myaa. Asanaponye phazi, Rejoice, mnzake wa pamzere, anamukodola.

"Wamva? Kameneko n'kanga. Anandipekera ine, usauze munthu."

Bibiana anacheuka. Kumbuyo kwake mnzawo wina, Nester, naye anali akumwetulira, dzanja lili pachifuwa, maso ali pa Bonifasio.

Mayo ine! Zinamupweteka mpaka m'mafupa. Ntchito yapita, amalume anawanyoza, zonsezo chifukwa cha kang'oma ka mudzi wonse? Misozi inalengeza, koma anakana kuti igwe pamaso pa wabodza. Anamangitsa chitenje.

"Bonifasio!" Ng'oma zonse zinati zii. "Tatiuza ndi pakamwa, kameneka n'kayani?"

"Bibi wanga, tikambirane kuseri..."

"Zakuseri zatha. Atsikana, amene anakupekerani kang'oma aka kwezani mkono!"

Rejoice anakweza. Nester nayenso anakweza. Kumapeto kwa mzere mkono winanso unadzuka mwamanyazi.

"Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika," anatero Bibiana, mawu ali gwa. "Ndinakukonda, sindikana. Koma imba tione amene akuvinire."

Anakhala pansi n'kutambalala. Anzake onse anachita chimodzimodzi.

Bonifasio anamenya ng'oma mpaka manja kutupa, koma panalibe ndi phazi limodzi lomwe linadzutsa fumbi.