Makava Opukutidwa Mwaulere

Masana ena pakhomo pa galaja ya a Makanika panaoneka katoni yolembedwa ndi makala: TIKUPUKUTA MAKAVA A INJINI MWAULERE. SIYANI NJINGA, MUITENGE MADZULO. Ine ndimagulitsa matayala akale moyang'anizana ndi galajayo, ndipo ntchito yanga ndi kunenerera mitengo. Ndinawerenga katoniyo kawiri kufuna kuona pamene mtengo wabisala. Sindinapaone. Chinthu chikamabisa mtengo wake chonchi, dziwani kuti ndi chodula.

A Makanika anali munthu woopa Mulungu. Nyumba yawo inali kuseri kwa galaja, ndipo tsiku linkayamba ndi pemphero, banja lonse litagwada pakati pa tebulo ndi bokosi la masipanala. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa bwino, ndipo wamwamuna, yemwe ndevu zinali zitayamba kale, ankaphunzira ntchito kwa bambo ake. Anthu ankamutchula Mapolishi, chifukwa akagwira kava, chivundikiro chija cha m'mbali mwa injini ya njinga yamoto, ankachikwecha ndi sandipepa mpaka munthu n'kudzionamo mano. Iye mwini ndiye ankadzionamo kwambiri.

Pagalajapo panali lamulo limodzi limene linkadyetsa banja lonse: kava satsegula mwini njinga palibe. A Makanika ankayamba kukhuthulira oyilo m'beseni, n'kumasula mabawuti modumphitsa, kenako n'kugogoda kava ndi chipika, osati kumukanula ndi chitsulo. Akatsegula ankaitana mwini wake kuti aone zam'kati ndi maso ake. Ankati kuseri kwa kava n'kumene kuli chuma cha mwini njinga, ndipo wotsegula yekha amakhala ngati mlendo amene walowa kuchipinda eni nyumba ali kumunda. Chifukwa cha lamulo limeneli anyamata onse a kabaza ankabwera kwa iwo, ngakhale magalaja otchipa analipo.

Kenako a Makanika anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo masana ankapita kukayendera odwala, galaja n'kuisiyira mwana. Amene anayamba kudziwa zimenezi ndi Zilipo, wogulitsa zipangizo zakale kumapeto kwa msewu. Dzinali anamupatsa chifukwa chilichonse chimene mungafunse ankayankha kuti zilipo, ngakhale cha njinga imene sanaipange.

Ndinamuona atatsamira pabenchi, akuyamikira manja a Mapolishi. Anati manja oterowo sayenera kuvala malaya ong'ambika m'mapewa.

"Achimwene, njinga yatsopano ili ndi koyilo yeniyeni ndi mapuleti a kilatchi enieni," anatero Zilipo. "Inu chotsani amenewo, ine ndikupatsani ena. Nawonso amayenda."

"Nanga mwini wake akadziwa?"

"Munthu amene kava wake akuwala amatsegulanso kuti aone chiyani?"

Mawa lake ndi pamene katoni ija inatuluka. Inkatuluka bambo akangokhota pakona, n'kulowanso dzuwa likapendeka.

Anyamata a kabaza anakhamukira ngati kwagwa galimoto ya shuga. Anthu omwewo amene amandivutitsa tsiku lonse pa mtengo wa tayala lakutha anasiya njinga zawo zatsopano m'manja mwa munthu osafunsa funso n'limodzi lomwe. Madzulo ankabwera kudzaguguda pamtima, akuloza makava owala. Mmodzi mpaka anandiuza kuti ine ndiphunzireko chifundo kwa mwanayo.

Ndinamuitana Mapolishi n'kumufunsa kuti sandipepa amamugulira ndani. Anati amatola. Ndinamuuza kuti andisonyeze potolapo, chifukwa inenso ndikufuna kukatolako lendi. Anaseka, koma maso ake sanaseke.

Amayi ake anaona nsapato zatsopano, kenako wotchi, kenako foni. Anamuuza kuti iwo amasoka tsiku lonse koma singano yawo sinaberekepo wotchi, ndiye ntchito yaulereyo ikubereka bwanji? Iye anati anthu amangomupatsa ya sopo. Amayiwo anati sopo wotero akanayeretsa m'khosi mwake.

Posakhalitsa njinga zinayamba kubwerera m'mawa, nthawi ya a Makanika. Ina inkakana kulira, ina inkalira koma osakwera chitunda. A Makanika ankatsegula mwini wake ali pomwepo, n'kupeza zipangizo zakutha m'njinga imene sinathe n'chaka chomwe. Poteteza dzina la galaja ankakonza osalipiritsa, ndipo zipangizo zabwino ankakagula kwa Zilipo, amene masiku amenewo zinalipodi.

Tsiku lina anagula koyilo, n'kuima nayo pakati pa msewu akuitembenuza. Pa waya wake panali polumikiza pamene iwo eni anawotcherera miyezi ya m'mbuyomo, pa njinga yomweyo imene inali kuwadikira pagalaja. Anali atagula chinthu chobedwa pakhomo pawo kuti achibwezere pamene chinabedwa.

Anamuitana mwanayo kuseri. Sanakweze mawu. Anamuuza kuti za katoni amva, ndipo ngati pali chimene wachita anene, akapepese limodzi kwa eni ake nkhani isanakule. Mapolishi analumbira kuti iye amangopukuta kunja, sanamasulepo bawuti. Bambo ake anang'amba katoniyo n'kumuuza kuti bodza ndi loipa kuposa kuba, chifukwa wakuba amamuthandiza, koma wabodza sadziwa pomugwira.

Akanasiyira pomwepo bwenzi ndilibe nkhani. Koma Zilipo anabweranso, tsopano osayamikira manja. Anati mlamu wake wa Mapolishi, mwamuna wa mchemwali wake uja, wagula njinga yatsopano, ndipo mapuleti ake akuwafuna. Akakana, iye akauza anyamata a kabaza kumene zipangizo zawo zinapita.

Mapolishi anapita yekha kwa alamu ake kukawanyengerera kuti awapukutire makava ngati mphatso. Alamuwo anayamika, n'kubweretsa njinga masana.

Ndinkamuona kuchokera pamatayala anga. Anakhuthulira oyilo m'beseni, n'kukanula kava ndi chitsulo, gasiketi yotchinga oyilo kuti asadonthe n'kung'ambika. Anachotsa mapuleti, n'kulowetsa akutha. Ali pakati pomanga mabawuti, a Makanika anatulukira pakona. Wodwala amene anapita kukamuona anali atapita kuchipatala. Mapolishi anakankhira beseni pansi pa benchi ndi phazi, n'kutenga kansalu kuyamba kupukuta kava mwakhama. Oyilo yense anali m'beseni. M'injini munalibe ngakhale dontho.

A Makanika anaima nthawi yaitali akuyang'ana njingayo, kenako mwanayo.

"Mwanawe, kava ameneyu wamutsegula?"

"Ayi, bambo. Ndangopukuta kunja."

"Ndikufunsanso. Wamutsegula?"

"Ayi."

A Makanika moyo wawo wonse sanalizepo njinga osayeza oyilo. Tsiku limenelo anagwira kachitsekero koyezera, n'kukasiya. Kuyeza kukanakhala kumutcha mwana wawo wabodza pamsewu, ine ndi ena tikuona. Anati chabwino, poti sanatsegule, iwo akapereka okha njingayo kwa mkamwini wawo.

Anakwera. Anadikira pang'ono phazi lili pachoponda, akumuyang'ana. Mawu ofunika anali ochepa: bambo, mulibe oyilo. Koma kunena zimenezo kunali kunena zonse. Mapolishi anayang'ana kansalu kake. Ine ndinkaganiza kuti wabwezera oyilo ndisakuona, chifukwa sindinkakhulupirira kuti mwana angakhale chete pamenepo. Njinga inalira, n'kupita.

Inayenda mpaka pamtsetse wa kumlatho. Pamenepo injini inauma n'kugwirana, tayala lakumbuyo linaima nji, ndipo a Makanika anakhwekhwereka paphula, dzanja lamanja lili pansi pa njinga. Amene anawanyamula ndi anyamata a kabaza. Ena mwa iwo anakoka njingayo kubwera nayo pagalaja, n'kutsegula kava onse akuona. Anapeza mapuleti akutha, injini youma, ndi beseni lodzaza pansi pa benchi. Kenako aliyense anayang'ana kava wa njinga yake, ndipo kuwala kuja sikunawasangalatsenso.

Mapolishi anagwada n'kuulula zonse, njinga ndi njinga. Anathamangira kwa Zilipo, koma anapeza chitseko chili ndi loko, mashelefu ali mbee. Kwa nthawi yoyamba sizinalipo. Chimene chinamupulumutsa mwanayo m'manja mwa anyamatawo ndi amayi ake, amene anaima pakhomo n'kunena kuti m'nyumba mwawo munthu mmodzi m'chipatala wakwana.

Kuchipatala a Makanika sanamukalipire. Anangomuuza kuti pa mafunso awiri aja ankapempha Mulungu kuti mwanayo ayankhe inde.

Achinyamata inu, imvani. Kuba kumayamba ngati ntchito yamasana amodzi, koma kumafuna bodza loti likuvundikire, ndipo bodzalo limafika tsiku limene limakutseka pakamwa pamene mawu ako akanapulumutsa munthu amene umamukonda. Ukalakwa, ulula pa funso loyamba. Ndipo inu eni njinga, wina akafuna kukupukutirani kunja mwaulere, khalani pomwepo muone chimene akufuna m'kati.

Mapolishi analapa, ndipo ndikukhulupirira kuti analapadi. Lero amagwira ntchito pagalaja yomweyo, koma anthu amabwera mmodzimmodzi, ndipo amaima pafupi kwambiri. Zilipo sanalipire kanthu. Alamu aja anakhululuka njinga itakonzedwa. Kuti aikonze, ndi kubwezera zipangizo za anyamata onse aja, makina osokera a amayi anagulitsidwa. Koma mtengo weniweni wa kupukuta kwaulere kuja analipira ndi a Makanika, amene sanabepo ngakhale bawuti: anataya zala zitatu za dzanja lamanja, zomwe zinkagwira sipanala.