Zikomo Woletsedwa

Anzake pa lesitilanti ankamutchula kuti Mapazi, chifukwa pofika nthawi yoweruka mapazi ake ankakhala atatupa, nsapato n'kumachita kuizula ngati chinangwa. Anakalambira pa ntchito yoperekera zakudya. Malipiro ankathera lendi ndi fizi ya mwana wake wamkazi, ndipo pakhomo ankadalira kangachepe kamene makasitomala amasiya pansi pa mbale. Koma anthu akudya ndi ovuta. Wina amakuitana ndi mluzu, wina poliza zala, wina amabweza msuzi ati wazizira atamwa kale theka, kenako chenji n'kutolera mpaka kakobiri komaliza.

Mapazi anatopa. Ankasuzumira pawindo magalimoto a anthu omunyozawo, mtima n'kumawawa. Mkazi wake ankamuviikira mapazi m'beseni la madzi ofunda n'kumamuseka: "Abambo, mapazi awa tikanagulitsa pa kilo bwenzi titalemera." Kale ankaseka naye, koma tsopano ankangoyang'ana khoma.

Tsiku lina lopuma anapita kwa sing'anga, m'kachipinda kuseri kwa malo okonzera njinga.

"Ukufuna kukhwima," anatero sing'angayo. "Sitolo ulibe, chigayo ulibe. Katundu wako ndi chiyani?"

"Palibe, bambo. Ine ndimangonyozedwa basi."

"Ndiye katundu wakoyo ndi ameneyo. Bweretsa kansalu kamene umakoleka pamkono."

Sing'angayo anakapaka mafuta akuda m'mphepete, n'kukapinda bwinobwino. "Aliyense wokuchita chipongwe, dzanja lake lidzalowa lokha m'thumba. Chipongwe chikakula, ndalama nazo zidzakula."

"Nanga chizimba chake?"

"Usanjenjemere, magazi sindifuna. Kungoti chipongwe sichigona m'thupi. Chimene akuchita masana, ukachitule kwa amene akupatse chakudya kwanu, osachotserako. Ndipo wokuperekera chakudya m'nyumba mwako usadzamuuze zikomo."

"Ndikalephera?"

"Zonse zimene unatula zidzabwerera iwe mwini tsiku limodzi. Mutu wa munthu ndi waung'ono, achimwene."

Mapazi anaona ngati wagula motchipa.

Mawa lake bambo wina wamimba anamuimbira mluzu, n'kumutcha chitsiru chifukwa cha foloko. Pochoka anasiya ndalama zoposa malipiro a sabata, iye mwini akudabwa ndi dzanja lake. Kunyumba Mapazi anakhala patebulo, naimba mluzu. "Iwe, foloko iyi. Chitsiru."

Mkazi wake anaseka. "Kodi tatsegula lesitilanti muno?" Ataona kuti mwamuna wake sakuseka, anabweretsa foloko ina.

Ndalama zinayamba kugwa ngati mvula. Anasamukira m'nyumba yamagetsi, anagula firiji ndi mipando yofewa, mwana anamutumiza kusukulu yabwino. Koma ukalawa uchi chala sichichoka m'botolo. Mapazi anayamba kusaka chipongwe. Matebulo a anthu aulemu, onena pepani ndi zikomo, ankasiyira anzake. Iye ankathamangira aukali ndi oledzera, n'kumachedwetsa dala chakudya kuti apse mtima bwino. Ankamwetulira mpaka masaya kuwawa, ndipo zonse ankanyamula kupita nazo kwawo. Beseni la madzi ofunda lija silinatulukenso.

Tsiku lina mayi wina anaponya mbale pansi n'kumuuza kuti atole ndi manja anthu akuona. Pobwerera Mapazi anayenda pang'onopang'ono, thumba likulemera. Mkazi wake anamuikira chakudya. Iye anaponya mbale pansi. "Tola ndi manja."

Mkazi wakeyo anatola zidutswa zonse, anasesa, kenako analongedza zovala zake.

"Ndinakwatiwa ndi munthu wosauka," anatero ali pakhomo, "koma anali munthu. Ndikupita kwa alongo anga. Mwanayu atsale alembe mayeso."

Mapazi anafuna kumugwira dzanja, koma anali wotopa, ndiponso ankaopa mawu a sing'anga aja. Anangoti mawa azidyera kuntchito. Koma chipongwe chosatula chinkamuyaka m'chifuwa ngati khala, tulo osabwera, mpaka anabwerera patebulo lake. Tsopano woperekera chakudya anali mwana wake. Mtsikanayo ankapirira mluzu ndi zala, akumaganiza kuti bambo ake akudwala.

Kenako kunabwera kasitomala woledzera dzuwa lili pamutu. Anati tiyi watentha kwambiri, n'kumukhuthulira Mapazi pamkono. Khungu linasupuka. Munthuyo anakhuthula chikwama chonse patebulo, ndalama zimene Mapazi anali asanazionepo.

Atafika kunyumba anapeza mwana wake ali mu yunifomu, akuwerenga. Mtsikanayo ataona mkonowo anathamanga kukatenga mankhwala, naumanga ndi kansalu kena. Kenako anapita kukhitchini, n'kubwera ndi kapu ya tiyi ikufuka nthunzi.

"Imwani, adadi, mupeze mphamvu."

Mapazi analandira kapuyo. Mkono wa mwanayo unali pomwepo, wowonda, inki ili pachala. Dzanja lake linayamba kupendeka lokha, ngati mmene manja a makasitomala ankalowera okha m'matumba. Analigwira ndi dzanja linzake. Tiyi anadonthera patebulo. Anaika kapuyo pansi.

"Zikomo, mwana wanga," anatero. "Zikomo kwambiri."

Mtsikanayo anamwetulira, poti anali ataiwala kuti bambo ake amadziwa mawu amenewo. Koma Mapazi anali atatseka kale makutu. Miluzu yonse, zala zonse, mbale zonse zosweka zinalira m'mutu mwake nthawi imodzi. Anadzuka, nawerama ku mipando yopanda anthu. "Ndikubwera, bwana. Pepani, bwana. Pompano, mayi."

Sanachirenso. Firiji ndi mipando zinathera kuzipatala, ndipo kachipinda ka sing'anga kanapezeka kali ndi matayala a njinga okhaokha. Mkazi wake anabwera kudzamusamala, koma iye sankamudziwa, ankangomufunsa ngati walandira kale chakudya. Mtsikana uja mayeso sanalembe. Mwini lesitilanti anamumvera chisoni n'kumupatsa malo a bambo ake.

Masiku ano Mapazi amaima panja pa windo lomwe lija, chivundikiro cha poto chili m'manja ngati thireyi, kansalu kakuda kali pamkono. Mkatimo munthu akaliza zala kuitana mwana wake, amene amayamba kuwerama ndi iye.

Chuma cha mankhwala sichibwera chokha, chimadya wapakhomo. Mapazi anali ndi beseni la madzi ofunda ndi munthu womuseketsa, koma dyera linamuuza kuti ndi wosauka. Nanunso amene mumadya mutakhala pansi wina ataimirira, siyani kangachepe ngati muli nako. Ngati mulibe, zikomo salipiritsa.